Kukaphunzira ku Johannesburg: zokonza musananyamuke ndi mmene mungakhalire mukafika

Amalawi ambiri akamva dzina la Joni amaganiza za migodi ya golide, za agogo amene ankapita pa Wenela, kapena za abale amene amatumiza katundu pa mabasi a mtunda wautali. Komatu mzinda womwewu, umene unayamba mu 1886 golide atapezeka m'zitunda za Witwatersrand, ndi mzindanso wa maphunziro. Yunivesite ya Witwatersrand, imene aliyense amangoitchula kuti Wits, inakhala yunivesite yoima payokha mu 1922 ndipo ili ku Braamfontein, pamene sukulu yake ya zachipatala ndi ya uphunzitsi zili ku Parktown. Yunivesite ya Johannesburg, kapena kuti UJ, inabadwa mu 2005 pamene boma linaphatikiza Rand Afrikaans University, Technikon Witwatersrand ndi nthambi zina za Vista University, ndipo ili ndi makampasi anayi: awiri ku Auckland Park, ina ku Doornfontein ndi ina ku Soweto. Wophunzira wobwera kumene amapeza kuti mumzindamu mulibe munthu womulondola kuti amukumbutse chochita. Chimene chimamupulumutsa ndi kuchita zinthu m'ndondomeko yake, kuyambira pa mapepala, kenako pogona, kenako njira yoyendamo tsiku ndi tsiku, ndipo zimenezi zikakhazikika m'pamene amayamba kuudziwa mzinda wonse.

Mapepala ndi ndalama

Chaka cha maphunziro ku South Africa chimayamba mu February n'kutha mu November, ndipo mafomu ofunsira malo amatsekedwa miyezi ingapo chaka chisanathe, choncho munthu wofuna kuyamba chaka chamawa ayenera kuyamba kuyendetsa mapepala chaka chino chisanafike pakati. Wofuna digiri yoyamba amafunika chikalata chochokera ku Matriculation Board, nthambi ya bungwe la Universities South Africa, chotsimikiza kuti maphunziro ake a kwawo akumuyeneretsa kulowa yunivesite. Musangoganiza kuti satifiketi ya MSCE payokha ikwanira, ngakhale mutakhoza bwino chotani. Lemberani ofesi yoona za ophunzira akunja ya yunivesiteyo, muiuze mapepala amene muli nawo, ndipo ikuyankheni molemba. Amene ali kale ndi digiri ndipo akufuna kupitiriza amatumiza mapepala awo ku bungwe la SAQA kuti liwaike pa mulingo wa dzikolo, ndipo ntchito imeneyi imatenga nthawi moti siyofunika kuisiyira kumapeto.

Kalata yokulandirani ikafika, viza ya maphunziro mumaifunsira kwanu musananyamuke, osati mutalowa kale ngati mlendo wongocheza, chifukwa kusintha chiphaso cha mlendo kukhala cha wophunzira muli m'dzikomo sikuloledwa mwachisawawa. Mwa zina, amafuna pasipoti yosatha msanga, kalata ya yunivesite, umboni woti muli ndi ndalama zodzisamalira, kalata ya dokotala, kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe milandu, ndiponso umboni woti mwalipira thumba la zachipatala lolembetsedwa ku South Africa konko. Chomalizachi chimapunthwitsa ambiri, chifukwa inshuwalansi ya kwanu, ngakhale ikhale yabwino, siilandiridwa, ndipo yunivesite simulemba m'kaundula wophunzira wakunja amene alibe umboni umenewu. Vizayo imakhala ya yunivesite imodzi yotchulidwa dzina, kotero kuti wosamukira ku yunivesite ina ayenera kufunsiranso. Imalolanso kugwira ganyu osapitirira maola 20 pa sabata.

Pa nkhani ya fizi pali pangano limene wophunzira wa m'chigawo chino ayenera kulidziwa. Mu 1997 atsogoleri a mayiko a SADC anasainira ku Blantyre mgwirizano wa zamaphunziro, umene unanena kuti wophunzira wochokera m'dziko lina la SADC azitengedwa ngati mwana wa dzikolo pa fizi ndi pa malo ogona. N'chifukwa chake Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe amalipira fizi yofanana ndi ya mnzake wa ku Soweto, ngakhale kuti mayunivesite amawonjezerapo ndalama ina yapadera ya ophunzira akunja, ndipo kawirikawiri amafuna gawo lalikulu la fizi lilipiridwe munthu asanalembetse. Thandizo la boma la NSFAS, limene anzanu ambiri m'kalasi azidzalitchula tsiku ndi tsiku, ndi la nzika za South Africa ndi anthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo basi, choncho musaliwerengere. Banja limene likulipira kuchokera ku Malawi likumbukire kuti fizi ili m'marandi. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atasunga fizi m'makwacha anadzuka ndi ngongole imene sanaikonzekere. Nzeru yabwino ndi kuyamba msanga kufunsira ndalama zakunja ku banki muli ndi kalata ya fizi m'manja, ndi kulipira chilichonse chimene mungathe nthawi isanakwane.

Kaya mubwera pa ndege kudzera ku O.R. Tambo, kaya pa basi yodutsa ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, mapepala onse enieni akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi imene ili pansi pa basi. Pa chipata onetsetsani chidindo chimene wakudindirani musanachoke pawindo. Mukafika, kajambulitseni makope a pasipoti ndi viza n'kukawadinditsa ku polisi, kuti muziyenda ndi makopewo ndiponso chiphaso cha yunivesite. Mudzafunikanso kalata yosonyeza kumene mukukhala, chifukwa popanda iyo simungalembetse nambala ya foni kapena kutsegula akaunti ku banki.

Pogona

Ngati yunivesite yakupatsani malo m'nyumba zake zogona, alandireni chaka choyamba ngakhale mutaona ngati ndi odula, chifukwa mtengowo umaphatikiza magetsi, madzi, intaneti, alonda ndi basi ya ophunzira, zinthu zimene kunja mumalipira chimodzichimodzi. Malo amenewa sakwanira, ndiye ambiri amakachita lendi. A ku Wits amakonda Braamfontein ndi Parktown, pamene a ku UJ amadzaza Auckland Park, Westdene, Brixton ndi Melville, kapena Doornfontein ngati akuphunzira kumeneko. Mayunivesite onse awiri amakhala ndi mndandanda wa nyumba za anthu wamba zimene anaziyendera n'kuzivomereza, ndipo kuyambira pa mndandandawo kumachepetsa mavuto.

Lamulo loyamba ndi lakuti musatumize dipoziti ya chipinda chimene simunachione ndi maso, kapena chimene munthu amene mumamukhulupirira sanalowemo. Chaka chilichonse mu January akathyali amaika zithunzi za zipinda zokongola pa masamba a mchezo, nanena kuti anthu ambiri akuchilimbirana ndipo mutumize ndalama lero lomwe, ndipo amene amagwa m'mbunamo kwambiri ndi obwera kuchokera kutali amene akuopa kufika opanda pogona. N'kwabwino kugona masiku atatu kwa mbale kapena m'nyumba ya alendo kusiyana ndi kutaya ndalama ya miyezi iwiri. Mukachipeza chipindacho, funani pangano lolembedwa. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati mwini nyumba ndi wolowa ayendere nyumbayo limodzi asanalowe ndiponso potuluka, ndipo dipoziti isungidwe mu akaunti yobereka chiwongoladzanja. Jambulani ndi foni chilichonse chowonongeka tsiku loyamba, kaya ndi galasi losweka, chitseko chosatsekeka kapena banga la madzi padenga, mutumize zithunzizo kwa mwini nyumba kuti pakhale umboni wa tsikulo. Pakabuka mkangano pali bwalo la Rental Housing Tribunal la chigawo cha Gauteng limene limamva madandaulo kwaulere, ndipo wobwera ali ndi ufulu wokadandaula monga wina aliyense.

Pali mafunso ena amene munthu amaiwala chifukwa cha chimwemwe chopeza malo. Funsani ngati magetsi ndi a mayunitsi, ndipo ngati mita ndi imodzi ya nyumba yonse mudziwe mmene mumagawanirana, chifukwa mikangano yambiri ya m'nyumba za ophunzira imayambira pamenepo. Funsani chimene chimachitika magetsi akathima kapena madzi akasiya kutuluka, popeza Johannesburg amadziwa mavuto onse awiri monga mmene Lilongwe amawadziwira. Koposa zonse, yendani wapansi kuchoka pa nyumbayo kukafika pa geti la yunivesite kapena pokwerera basi ya ophunzira, ndipo mudzifunse ngati mungayende njira yomweyo mutanyamula laputopu dzuwa litalowa. Chipinda chotchipa chimene chimafuna minibasi ziwiri m'mawa ndi ziwiri madzulo sichotchipa ayi. Kanthu kena kakang'ono: mapulagi a kumeneko ndi a mano atatu obulungira, osiyana ndi athu a mano afulati, choncho mugule cholumikizira tsiku loyamba.

Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu June ndi July kumazizira kuposa ku Dedza, mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa. Nyumba zambiri zilibe zotenthetsera, hita yamagetsi imadya mayunitsi ngati moto wolusa, ndipo mayeso a pakati pa chaka amagwera nyengo yomweyi. Gulani bulangete lolemera ndi jekete mu April mitengo isanakwere. Mbaula, imene Azulu amaitcha imbawula, musagone nayo m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. M'dzinja mvula imagwa masana ndi mabingu, mphezi ndiponso matalala, kenako kumayera ngati sikunagwe kanthu.

Kuyenda mumzinda

Sabata ziwiri zoyambirira muzidalira basi ya yunivesite, imene imayenda pakati pa makampasi ndi nyumba zogona ndipo mumangoonetsa chiphaso cha ophunzira. Kenako phunzirani Rea Vaya, mabasi a khonsolo amene anayamba mu 2009, amene ali ndi misewu ndi masiteshoni awoawo ndipo amalipiridwa ndi khadi. Njira ina imachoka mtawuni kudutsa ku Parktown ndi Auckland Park kupita ku Soweto. Sitima ya Gautrain, imene inayamba mu 2010, imachoka ku Park Station kudutsa Rosebank ndi Sandton mpaka ku Pretoria, ndipo nthambi ina imapita ku bwalo la ndege. Ndi yachangu ndi yaukhondo, koma mtengo wake si wa wophunzira woyenda tsiku lililonse.

Minibasi, zimene kumeneko amati mateksi, ndizo zimanyamula anthu ambiri, ndipo zili ndi mwambo wake umene palibe amaulemba. Munthu amaimitsa teksi ndi chizindikiro cha dzanja chosonyeza kumene akupita: chala cholozera kumwamba chimatanthauza mtawuni, cholozera pansi chimatanthauza pafupi pomwepo, ndipo njira zina zili ndi zizindikiro zawo zimene muyenera kufunsa kwa munthu woima nanu. Nthawi zambiri mulibe kondakitala. Okwera a mzere uliwonse amasonkhanitsa ndalama zawo n'kuzipereka kutsogolo dzanja ndi dzanja, ndipo amene wakhala pampando wa pafupi ndi dalaivala ndiye amawerengera ndi kubweza chenji. Mlendo asakhale pampando umenewo mpaka atadziwa mitengo, chifukwa chenji ikasowa galimoto yonse imayang'ana iyeyo. Potsika mumanena mokweza kuti "after robot" ngati mukutsika mukangodutsa maloboti, kapena "short left" ngati mukutsika pa msewu wotsatira wa kumanzere. Muzikhala ndi ndalama zing'onozing'ono, ndipo mukalowa mupereke moni.

Za chitetezo sitibisa: Johannesburg ali ndi umbanda wambiri, ndipo chimene chimabedwa kwambiri kwa ophunzira ndi foni ya m'manja imene munthu akuigwiritsa ntchito pa msewu kapena waiika patebulo la panja. Muitane galimoto ya pa foni muli mkati mwa nyumba, ndipo muone nambala yake musanakwere. Pa makina otapira ndalama musalole munthu aliyense kukuthandizani, ngakhale ataoneka waulemu. Wina akakuopsezani ndi mpeni kapena mfuti, perekani chimene akufuna. Sungani m'mutu nambala ya polisi, 10111, ndi ya 112 imene imagwira pa foni iliyonse ya m'manja, komanso ya alonda a yunivesite, amene usiku amatha kukuperekezani mkati mwa kampasi. Koma mantha asakutsekereni m'chipinda. Anthu mamiliyoni amadzuka, kugwira ntchito ndi kubwerera kwawo mumzindamu tsiku lililonse, ndipo chimene ali nacho ndi chizolowezi chodziwa msewu woyenda ndi nthawi yake.

M'kalasi

Kukhoza kumayambira pa 50 peresenti ndipo kupambana mwapadera ndi 75, koma chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti m'maphunziro ochuluka munthu saloledwa n'komwe kulemba mayeso omaliza ngati sanafike pa mulingo wina m'ntchito za mkati mwa teremu, kapena ngati anajomba timagulu tophunzira ndi ntchito za mu labu. Malamulo amenewa amalembedwa mu kabuku ka phunziro lililonse kamene mumalandira sabata yoyamba, ndipo kabukuko muyenera kukawerenga ngati pangano. Ife tinaleredwa kuti mwana safunsa wamkulu kawiri, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino, koma m'kalasi ya anthu 300 wokhala chete amangotengedwa kuti wamva. Mphunzitsi aliyense amakhala ndi maola amene amalandira ophunzira mu ofesi yake, ndipo maola amenewo nthawi zambiri amatha popanda wogogoda. Pitani ndi funso lenileni, mutawerenga kale.

Kukopera mawu a wina osamutchula ndi mlandu umene ungachotsetse munthu sukulu, ndipo ntchito zolemba zimadutsa m'makina ofufuza zimenezi. Mayunivesite onse awiri ali ndi malo othandiza kalembedwe kwaulere, komanso alangizi a za maganizo, CCDU ku Wits ndi PsyCaD ku UJ, amene munthu angakaonane nawo mwachinsinsi pamene kusowa kwawo, ngongole kapena kulephera mayeso kwamulemera. Nthawi zina maphunziro amaimitsidwa ndi zionetsero, makamaka kumayambiriro kwa chaka pa nkhani ya fizi ndi malo ogona. Zionetsero zazikulu za FeesMustFall, zokana kukwera kwa fizi, zinayambira ku Wits mu October 2015. Madandaulo ake mukhoza kuwamvetsa ndi kuwamvera chisoni, koma kumbukirani kuti inu muli pa viza, ndipo mlandu umene mnzanu wa konko angaupirire ukhoza kukutsekerani chiphaso.

Kukhala ndi anthu

South Africa ili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka, kuphatikizapo chinenero chamanja chimene chinawonjezedwa mu 2023, ndipo m'misewu ya Johannesburg mumamveka kwambiri Chizulu ndi Chisutu, zosakanikirana ndi zina zambiri. Munthu wakuda akalowa m'sitolo amalankhulidwa m'Chizulu, ndipo kuyankha m'Chingerezi chokhachokha nthawi zina kumaoneka ngati kudzikweza. Phunzirani moni: "sawubona" kwa mmodzi, "sanibonani" kwa ambiri, "dumelang" kwa Asutu ndi Atswana, ndi "ngiyabonga" pothokoza. Wolankhula Chichewa savutika kwenikweni, popeza mawu ngati umuntu, amanzi ndi inyama khutu limawazindikira lokha. Chenjezo limodzi: Chilapalapa chimene agogo anabwera nacho kuchokera ku migodi, chimene kumeneko amati Fanakalo, musachiyese. Chinali chilankhulo cha bwana polamula wantchito, ndipo ambiri amachimva ngati chipongwe.

Nkhani ya kudana ndi obwera ndi yoona. Mu May 2008 zipolowe zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62 m'dziko lonse, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi 2019, Amalawi ambiri n'kubwerera kwawo pa mabasi. M'makampasi zinthu zimakhala zodekha kuposa m'makomboni, komabe mukamva kuti kwinakwake kwavuta, tsatirani uthenga wa yunivesite ndipo musapite kukaonerera. Dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi, imene ili ku Pretoria ndipo ili ndi nthambi ku Johannesburg, kuti muli m'dzikomo.

Amalawi anzanu mudzawapeza msanga, ku tchalitchi, ku mzikiti, kapena m'magulu a ophunzira, ndipo iwo ndi amene adzakuuzeni kogula usipa ndi amene adzasonkhe maliro akagwa. Agwiritsitseni. Koma ndaona kuti wophunzira amene amadya, kupemphera ndi kuwerenga ndi akwawo okhaokha amamaliza zaka zitatu asanalowepo m'nyumba ya munthu wa ku South Africa, kenako n'kumanena kuti anthu a dzikolo ndi ouma mtima. Pa ntchito za m'magulu sankhani dala anthu a kwina, ndipo lowani bungwe limodzi losakhudzana ndi kwanu, kaya ndi kwaya, mpira kapena mtsutso. Mzinda nawonso muulawe ndi pakamwa. Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse ndipo nsima amaitcha pap, bonongwe ali m'gulu la masamba amene amati morogo, ndipo amagwinya ndi mandasi athu omwe, ongokulirapo. Kota, buledi wobowola wodzazamo tchipisi ndi soseji, ndiye chakudya cha wophunzira wa ndalama zochepa. Ku msika wa Yeoville kuli zakudya za ku Congo, Nigeria ndi Cameroon, ku Fordsburg kuli za Amwenye, ku Mayfair za Asomali, ku Cyrildene za Atchaina. Pitani masana ndi mnzanu wodziwa malowo. Kuchokera ku Wits munthu amayenda wapansi kukafika ku Constitution Hill, ndende yakale imene Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela anatsekeredwamo pa nthawi zosiyana, pamene tsopano pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo Loweruka limodzi pamenepo limathandiza kumvetsa mkwiyo ndi nthabwala za anzanu a m'kalasi.

Mukapita kwanu pa tchuthi cha December, onani tsiku lothera viza musanagule tikiti yobwerera. Kuwonjezera viza kumachitikira ku maofesi a VFS, kampani imene imalandira mapempho a viza m'malo mwa boma, ndipo pempho liyenera kuperekedwa kutatsala masiku osachepera 60 kuti yakaleyo ithe. Munthu wotuluka m'dzikomo viza itatha amaletsedwa kulowanso kwa nthawi, ngakhale atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize digiri. Pobwerera mu January mudzakhala mukuchokera m'nyengo ya udzudzu kupita ku mzinda umene kulibe malungo, kumene dokotala sangayambe waganizira matendawa. Mukamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'sabata zoyambirira, pitani ku chipatala cha pa kampasi tsiku lomwelo, muwauze kuti mwachokera ku Malawi ndipo mupemphe kuti akuyezeni malungo.